Kupita ku sinema ndi mwana wa autism

Mayi, mwafunsa ngati mungapite ku sinema ndi mwana wanu wa autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lokhudza mmene munthu amachezera ndi ena) amene amaopa phokoso. N'zotheka ndithu. Poti muli ku Britain, funani masiku amene makampani a sinema a Odeon, Vue kapena Cineworld amaonetsa mafilimu mokomera anthu a autism. Magetsi sawazimitsiratu, mawu amawatsitsa, zotsatsa malonda zakoyambirira zija kulibe, ndipo mwana akadzuka n'kumayendayenda palibe womudzudzula. Pezaninso CEA Card, khadi la kusinema la anthu olumala, kuti womuperekeza azilowa ulere.

Matikiti gulani pa intaneti, musankhe mpando wakumapeto kwa mzere, pafupi ndi khomo, osati kutsogolo kwenikweni. Mahedifoni otchinga phokoso avaliretu asanalowe, chifukwa chimene chimasokoneza ambiri ndi mkokomo wadzidzidzi. Makina owumitsira m'manja kuchimbudzi aja ndiye oipitsitsa, choncho tengani kathaulo kanu.

Kutatsala tsiku limodzi, muonetseni kachigawo ka filimuyo pa YouTube, mumuuzenso kuti idzatha nthawi yanji. Akayamba kutseka makutu kapena kugwedezeka kuposa masiku onse, tulukani kaye mphindi zisanu. Akakana kubwereramo, musamukakamize ayi, zipitani kunyumba ngakhale filimu ili pakati.