Duranta kapena bougainvillea? Mayi, funso lanu landiputa

Mayi wina wandilembera imelo kufunsa kuti pa mpanda wa kutsogolo abzale duranta kapena bougainvillea, ati ali ndi ana ang'onoang'ono ndipo akungofuna chinthu chooneka bwino.

Eeh mayi, duranta musandiuze. Nyumba ndikukhalayi ndinaipeza ili kale ndi mpanda wa duranta wa masamba achikasu uja amati Sheena's Gold, eni ake akale anaubzala kuzungulira mpaka kuseri, ndipo ndikuuzeni chomera chimenechi sichigona. Mvula ikangoyamba umadulira lero, usanapume nkomwe nthambi zatulukanso ngati tsitsi la munthu wongodzuka kumene, utengenso sizasi, msana kuwawa, kenako zinyalala zake uziona kokataya. Anthu odutsa amayamikira kuti mpanda wanu ndi wokongola, koma palibe amabwera kudzakuthandiza kudula. Ukaulekerera umasanduka mtengo, umatha kufika mamita 6, nkuyamba kubala tizipatso tachikasu tolendewera, ndipo tizipatsoti ndi poizoni kwa ana ngakhale agalu. Ndiye kwa inu ndanena kale, ayi. Poyamba ndimafuna kunena kuti zitengera nthawi yomwe muli nayo, koma ayi basi.

Ogulitsa mbande izi sanena kawirikawiri. Oleander nayenso chimodzimodzi, maluwa okongola koma tsamba, duwa, nthambi, zonse ndi poizoni, utsi wake womwe mukamawotcha. Nkhadze utomoni wake ukalowa m'maso mulira. Nanga lantana! Bungwe loteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN linamuika pa mndandanda wa zamoyo 100 zowononga kwambiri malo zikafalikira, mbalame zimamwaza njere zake paliponse, ng'ombe zikadya masamba chiwindi chimawonongeka, koma wina amabzalabe dala pakhomo. Ndipo ficus, mitengo ya mtundu wa kachere ija, pafupi ndi khoma musayese, mizu yake imasaka madzi mpaka m'mapaipi.

Bougainvillea ndimamukonda, chilala sachiopa, mukamuthirira kwambiri kapena kumuchulutsira feteleza amangochita masamba maluwa osaoneka. Zofiira zija si maluwa nkomwe, ndi masamba, duwa lenileni ndi kakang'ono koyera kali pakati. Koma minga yake ndi yoopsa, nthambi yodulidwa ikagwa pansi mwana nkuponda wopanda nsapato mumva kulira. Komanso payekha sapanga mpanda wowongoka, amafuna waya kapena khoma loti ayangepo. Muikeni pakona pomwe ana sasewerapo.

Ndiye mubzale chani?

Hibiscus. Alibe minga, ndipo amaphuka msanga ngakhale kuchokera ku nthambi yongodula. Talikitsani masentimita 60 mpaka mita imodzi, zikadali zazing'ono muzitsina nsonga kuti zichite nthambi kuyambira pansi. Podulira, pansi pazikhala potambalala kuposa pamwamba kuti dzuwa lifike, apo ayi m'munsi mumayoyoka nkusiya mipata. Osamameta pafupipafupi, maluwa amatuluka pa nthambi zatsopano.