Ndinaluza ndili ndi ma ace awiri: kodi luso lilipodi pa poker?

Funso: Ndimasewera mtundu wa poker (masewera a makadi obetcherana) wotchedwa Texas Hold'em ndi anzanga. Iwo amati katswiri ndi amene amadziwa kupusitsa anzake (kubetcha ngati ali ndi makadi amphamvu kuti anzakewo ataye awo), komanso kuti ukaluza motsatizana ndiye kuti makadi abwino ayandikira. Posachedwa ndinaluza ndili ndi ma ace awiri, makadi oyambira amphamvu kuposa onse. Kodi si mwayi wokhawokha umenewu?

Yankho: Pepani achimwene, koma ma ace sanakulakwireni. Akakumana ndi makadi awiri ofanana ocheperapo, monga ma king, amapambana pafupifupi maulendo 80 pa 100 alionse. Maulendo 20 otsalawo mudzaluza ndithu, ngakhale mutasewera bwino chotani. Luso limaonekera pa masewera mazanamazana, osati usiku umodzi.

Zoti makadi abwino ayandikira musazimvere m'pang'ono pomwe. Makadi 52 aja akasakanizidwa sakumbukira kuti munaluza. Maganizo amenewa ndi amene amamalizitsa anthu ndalama, ndipo amandipweteka mtima kwambiri.

Kupusitsa kuli ndi malo ake, koma munthu amene sataya makadi ake simungamupusitse. Osewera abwino amataya makadi ambiri oyambirira, amakonda kusewera akakhala omaliza kulankhula, ndipo amawerengera. Mwachitsanzo, mukatsala ndi khadi limodzi kuti mupange flush (makadi asanu a chizindikiro chimodzi), makadi okuthandizani alipo 9. Mpata woti khadi lotsatira likhale limodzi mwa amenewa ndi pafupifupi 19 pa 100. Mnzanu akabetcha ndalama zofanana ndi zonse zili pakati, mtengowo wakukulirani, tayani makadiwo.