Amayi, musanadziimbe mlandu, tembenuzani kaye paketiyo

Mayi wina wandilembera pa imelo sabata ino. Akuti anagula mapaketi a mbewu za tomato, anyezi, letesi ndi maluwa angapo n'kubzala kuseri kwa nyumba, koma anyezi sanapange mutu, letesi anathamangira kuchita maluwa, ndipo njere zambiri sizinamere n'komwe. Akufunsa mitundu yoti agule ulendo uno, komanso ngati zili zoona zimene anzawo akuwauza zoti mbewu zolembedwa F1 n'zoipa. Kalatayo ayitseka ndi mawu akuti, "Kapena ineyo ndiye ndilibe dzanja la ulimi."

Amayi, za mitundu ndiyankha. Koma za dzanjazi ndizikane kaye, chifukwa mawu amenewa ndinawaona akumulanda khasu munthu amene ndinkamukonda kwambiri.

Azakhali anga anali munthu wa m'dimba kuyambira utsikana wawo. Ankadzuka kusanache, ndowa m'manja, ndipo pofika nthawi imene ife ana tinkatsuka kumaso iwo amakhala atathirira kale mabedi onse. Mwana wawo atapita kukagwira ntchito kudziko lakutali lozizira, anayamba kuwatumizira mapaketi a mbewu, onyezimira, azithunzi zokopa. Anyezi wa pachithunzipo anali wamkulu ngati chibakera cha bambo wamkulu. Azakhali anafesa pa nazale, anaokera mbande pa nthawi yake, anathira manyowa owolerana bwino, anapalira. Masamba anakwera, obiriwira, okhuta. Koma akafukula pansi ankangopeza khosi lonenepa, mutu palibe. Nyengo yotsatira anawonjezera manyowa. Inayo anasintha malo. Aliyense wodutsa anali ndi chonena chake: uyu akuti mukuthirira kwambiri, uyo akuti dothi latopa, winanso akuti munaokera mozama. Iwo ankangomvera, n'kuyesa zonsezo. Pomaliza anayamba kunena kuti dzanja lawo lafa ndi ukalamba. Anasiya anyezi, kenako anasiya ndi zina zomwe, mabedi n'kumera udzu. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mwana wawo sanamuuze, poopa kumukhumudwitsa. Mapaketi ankabwerabe, iwo n'kumathokoza, n'kumawasunga m'chitini.

Chifukwa chake ndinadzachimva patapita zaka, azakhaliwo atatisiya kale. Anyezi amawerenga kutalika kwa usana. Pali mitundu imene imayamba kupanga mutu usana ukakhala wa maola 10 mpaka 12, ndipo pali ina imene imadikira usana wa maola 14 mpaka 16. Usana wautali choncho umapezeka kumayiko amene ali kutali ndi ikweta (mzere wa pamapu wogawa dziko lapansi pakati), m'nyengo yawo yotentha. Kufupi ndi ikweta usana sutalikira patali ndi maola 12 chaka chonse, choncho anyezi wodikira maola 14 adzadikira mpaka kale. Mitundu monga Red Creole ndi Texas Early Grano ndi ya usana waufupi. Ndipo wokhala kutali ndi ikweta akafesa mitundu yomweyi pa nthawi imene usana watalika kale, imapanga mitu ikadali yaing'ono n'kumupatsa tianyezi tosaoneka bwino. Azakhali anga ankalima bwino kuposa onse amene ankawalangiza aja. Mbewuyo ndi imene inali ya dziko lina.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima ndikaona mmene mbewu zimagulitsidwira. Chithunzi chimatenga nkhope yonse ya paketi, pamene mawu amene angamupulumutse mlimi alembedwa kuseri ndi tizilembo tating'ono, nthawi zina osalembedwa n'komwe. Wogulitsa amene waika pa shelefu anyezi wa usana wautali kudera kumene usana woterowo sufika, akudziwa kapena sakudziwa, wamubera munthu nyengo yathunthu ya thukuta. Ndipo munthuyo akalephera sabwerera kukafunsa. Amapita kunyumba kukadzida yekha. Zimenezi sindingazivomereze, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu bwenzi paketi iliyonse ya anyezi ikulembedwa kutsogolo, ndi zilembo zikuluzikulu, maola a usana amene ikufuna.

Letesi wanu uja nayenso ali ndi nkhani yake. Ndi mbewu ya nyengo yozizira. Kukatentha amaleka kupanga masamba, amakwera phesi, amachita maluwa, masambawo n'kuyamba kuwawa. Njere zake zomwe zimagona osamera dothi likatentha kufika cha m'madigiri 30. Pali mitundu imene inasankhidwa kuti ichedwe kuthamangira maluwa, ndipo paketi yabwino imanena zimenezo. Letesi wongothyola masamba amapirira kutentha kusiyana ndi wopanga mutu. Tomato amakonda kutentha, koma naye ali ndi malire: masana akamapitirira madigiri 32 ndipo usiku osazizira, mungu wake umawonongeka, maluwa n'kumayoyoka osabereka. Pa nyengo yotere tomato wa zipatso zing'onozing'ono amaberekabe pamene wa zipatso zikuluzikulu wagonja. Karoti amayang'ana dothi. Mtundu wa Nantes, wowongoka ndi wofewa uja, umafuna dothi lofewa lopanda miyala. M'dothi lamakande ndi bwino Chantenay, wamfupi ndi wonenepa kumutu. Kuroda amadziwika ndi kupirira kutentha.

Za njere zosamera, ndiyambe ndafunsa: munaona deti pa paketipo? Njere ndi chamoyo, ndipo zimakalamba mosiyana. Za anyezi zimatha mphamvu msanga, chaka chimodzi kapena ziwiri basi. Za nyemba zimafika zaka ngati zitatu, za kabichi ndi tomato zinayi kapena kuposerapo zikasungidwa pouma ndi pozizira. Paketi imene yakhala padzuwa m'sitolo miyezi yambiri ikhoza kukhala itafa deti lisanakwane. Kuyesa n'kosavuta: njere 10 pa kansalu konyowa, pindani, ikani pofunda, muzionetsetsa kuti sikauma. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri werengani zimene zatulutsa muzu. Zikamera 8, fesani mwamtendere. Zikamera 5, fesani mothithikana. Zikachepera pamenepo, musatayepo madzi anu.

Tsopano za F1, zimene anzanu akuopsezani nazo. F1 si mankhwala, ndiponso si mbewu zosinthidwa chibadwa m'labotale zimene amazitcha GMO. Ndi haibulidi, kutanthauza ana oyamba obadwa pokwatitsa mitundu iwiri yosiyana ya mbewu imodzi, potenga mungu wa uwu kuika pa duwa la uwo, zimene njuchi zimachita tsiku lililonse, kungoti apa munthu ndiye wasankha makolo. Ana oyambawa amafanana onse, nthawi zambiri amakula mwamphamvu, amacha pamodzi, ndipo ambiri amakhala ndi chitetezo ku matenda ena. Vuto lawo ndi limodzi: mukasunga njere zawo n'kubzalanso, adzukulu amatuluka mosiyanasiyana. Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, mzinda umene lero uli m'dziko la Czech Republic, anaziona zimenezi pa nsawawa ndipo anazisindikiza mu 1866. Atakwatitsa nsawawa zazitali ndi zazifupi, ana oyamba onse anali aatali, koma pa adzukulu, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anabwerera kukhala wamfupi. Wasayansi wa ku America George Shull anaonetsa mphamvu ya haibulidi pa chimanga mu 1908, ndipo tomato wa haibulidi wotchedwa Big Boy anatuluka mu 1949. Anthu akhala akudya zimenezi kwa mibadwo.

Ndiye amene akuti F1 ndi poizoni akunama, ndipo ndikunena mosabisa. Ngati dothi lanu lili ndi matenda ofotetsa tomato, mtundu wokhala ndi chitetezo ndi umene ungakupatseni chipatso, kaya ndi haibulidi kaya ayi. Zilembo zimene mumaziona pafupi ndi dzina zikunena zimenezo: V ndi F ndi matenda awiri ofotetsa ochokera m'dothi, Verticillium ndi Fusarium, N ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso totupitsa mizu, T ndi kachilombo kochititsa mawangamawanga pa masamba. Komabe dziwani kuti V ndi F siziteteza ku kufota kumene kumabwera ndi bakiteriya, kuja kogwetsa chomera chikadali chobiriwira.

Komatu mtima wanga, ndikaufufuza bwino, uli ku mbewu zobwereza, zimene mukasunga njere zimabala zofanana ndi make. Haibulidi anapangidwira makamaka mlimi wamalonda, wofuna kuti munda wonse uche sabata imodzi galimoto ibwere itenge. Inu kuseri kwa nyumba mukufuna kabichi mmodzi lero, wina sabata yamawa. Kusafanana kumene wamalonda amakuda, inu ndi kumene kumakudyetsani nthawi yaitali. Ndiponso mbewu imene mwaisunga nokha, posankha chomera chimene chachita bwino m'dothi lanu, chaka ndi chaka imapita izolowera pakhomo panu. Ndimakhulupirira kuti banja lililonse lokhala ndi dimba liyenera kukhala ndi mbewu ngakhale imodzi imene siligula kwa wina aliyense. Ndikamanena izi ndimakumbukira anthu a ku Leningrad, mzinda wa ku Russia umene lero umatchedwa St Petersburg, ogwira ntchito pa nkhokwe ya mbewu imene wasayansi wa zomera Nikolai Vavilov anasonkhanitsa kuchokera kumbali zambiri za dziko lapansi. Mzindawo utazingidwa ndi asilikali a Germany kuyambira 1941 mpaka 1944, ena mwa iwo anafa ndi njala ali pakati pa mpunga, mtedza ndi nyemba zimene ankazilondera, osazidya. Vavilov mwiniwake anafera m'ndende ku Saratov mu 1943. Lero mbewu zamitundumitundu zoposa miliyoni zikusungidwa m'phiri ku Svalbard, ku Norway, m'nkhokwe imene inatsegulidwa mu 2008, pa madigiri 18 kunsi kwa ziro. Mbewu zambiri zimene zili mmenemo zinayambira m'manja mwa alimi wamba amene ankazisunga pakhomo.

Mukafuna kuyamba kusunga, yambani ndi tomato, nyemba, nsawawa kapena letesi, chifukwa maluwa ake kawirikawiri amadzipatsa okha mungu. Maungu ndi nkhaka zimasakanizidwa ndi njuchi ndi mitundu ina ya mbewu yomweyo ya kwa aneba, choncho njere zake zikhoza kukudabwitsani.

Za maluwa

Mwawatchula mothamanga, ngati mukupepesa kuti mwawapatsa malo. Musapepese. Ndimakhumudwa ndi anthu amene amati duwa silidyedwa ndiye lichoke m'dimba. Maungu ndi nkhaka zili ndi maluwa aamuna paokha ndi aakazi paokha, ndipo popanda tizilombo tonyamula mungu sizingabereke. Duwa ndi limene limaitana tizilomboto, limaitananso tina timene timadya nsabwe za m'masamba. Ndipo likanakhala kuti silichita chilichonse mwa izi, kukongola kokha ndi chifukwa chokwanira choti munthu adzuke m'mawa akaone dimba lake.

Osavuta ndi marigold, zinnia ndi cosmos, onse ochokera ku Mexico ndi madera oyandikana nawo, okonda dzuwa, omera msanga, opereka njere zambiri. Mpendadzuwa nayenso savuta, koma werengani bwino, pakuti pali mitundu ina ya haibulidi yopangidwira kuika m'nyumba imene ilibe mungu n'komwe. Chimodzimodzinso maluwa odzadzana kwambiri, amene pakati pake sipaoneka: ndi okongola, koma njuchi imavutika kupezamo chakudya. Sankhani amene pakati pake pali poyera. Nasturtium musamuthire manyowa ambiri, apo ayi akupatsani masamba okhaokha. Tulip amafuna kuzizira kwa milungu yambiri kuti achite duwa, choncho kudera kotentha mungomuonera pa chithunzi. Lantana musamulowetse pakhomo, wawononga kale mathengo m'mayiko ambiri otentha. Zoti marigold amachepetsa tinyongolotsi ta m'mizu n'zoona, koma pokhapokha mutamubzala modzaza bedi lonse kwa miyezi iwiri kapena itatu musanaikemo tomato. Awiri atatu m'mphepete sangakwanitse ntchitoyo.

Ndiye mugule chiyani? Ndiwo zamasamba mitundu inayi kapena isanu yokha, imene banja lanu limadya, ndi maluwa mitundu iwiri. Tomato, tsabola ndi mabiringanya aziikidwa pamene dzuwa limawomba maola 6 kapena kuposerapo. Pamthunzi pang'ono ikanipo zamasamba. Ngati malo ndi ochepa kapena simukufuna kuzika mitengo, tengani tomato wosatalika monga Roma, amene amabereka nthawi imodzi. Ngati mukufuna kuthyola pang'onopang'ono kwa miyezi, tengani woyanga monga Moneymaker n'kumumangirira. Masiku okhwimira olembedwa pa paketi ya tomato nthawi zambiri amawerengedwa kuyambira tsiku lookera, ndiye wonjezeranipo milungu ya pa nazale. Njere zopakidwa utoto wofiirira, wobiriwira kapena wabuluu zili ndi mankhwala: musazidye, musapatse nkhuku, ndipo musambe m'manja mukafesa. Pa mbewu imene mumaikonda kwambiri bzalani mitundu iwiri moyandikana, muilembe mayina, kuti nyengo ikamatha dothi lanu likuuzeni lokha woti mubwereze. Ndipo mukaona mnzanu wapafupi amene anyezi wake amapanga mitu, mufunseni dzina la mtunduwo ndi mwezi umene amafesa.

Mundilemberenso, amayi, mundiuze maola a dzuwa amene kadimbako kamalandira, ngati dothi lake limamata kapena limayoyoka mukalifinya lili lonyowa, ndiponso zimene zalembedwa kuseri kwa paketi ya anyezi ija.