Yankho kwa Adzukulu Ofunsa Ngati Mulungu Wasintha

Adzukulu anga, ndalandira mafunso awiri ochokera kwa anthu osadziwana, koma muzu wake ndi umodzi. Mnyamata wina amene anamaliza maphunziro a ukachenjede koma akadali pakhomo pa makolo ake wafunsa kuti: "Agogo, mumati Mulungu sasintha, nanga bwanji anayankha bambo anga pa unyamata wawo, koma ine wandikhalira chete?" Mayi wina wachitsikana, amene mwamuna wake ali ku Johannesburg ndipo ndalama zayamba kufika pakhomo, wafunsa ngati n'kofunikabe kulawirira kupemphera pamene zimene ankapempha anazilandira kale.

Ndiyambe ndi iwe mnyamata. Mulungu sanalonjezepo kuti nyengo zidzaima malo amodzi. Chigumula cha Nowa chitatha, pa Genesis 8:22, Iye ananena kuti kubzala ndi kukolola, kuzizira ndi kutentha, usana ndi usiku sizidzalekeka nthawi yonse imene dziko lilipo. Choncho dzinja, limene mwezi wa February umapeza nkhokwe zili mbee, ndi masika, pamene ana amakhuta mondokwa ndi maungu, zonsezi zimayenda pa lonjezo la Mwini mmodzi. Mlimi wanzeru sanena kuti Chauta wasintha chifukwa chakuti mwezi wa October kunja kwauma; amagalauza munda wake, nasunga mbewu, podziwa kuti mvula ili ndi nthawi yake.

Mawu odziwika a pa Malaki 3:6, akuti Yehova sasinthika, sanalankhulidwe kwa anthu amene zinthu zinkawayendera. Analankhulidwa kwa Ayuda obwerera kuchokera ku ukapolo ku Babulo, anthu otopa ndi ogwa mphwayi, amene anayamba kupereka nsembe za nyama zakhungu ndi zopunduka, kusiya akazi a unyamata wawo, ndi kunena poyera kuti kutumikira Mulungu n'kopanda phindu. Taona kuti amene anasintha anali iwowo, ndipo Mulungu anawauza kuti chifukwa chokha chimene sanatheretu n'chakuti Iye anakhalabe yemweyo. Yosefe anagulitsidwa ndi abale ake ali ndi zaka 17, ndipo anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30. M'kati mwa zaka 13 zimenezo, Genesis 39 imanena kuti Yehova anali naye m'nyumba ya Potifara, ndipo imabwerezanso mawu omwewo atalowa m'ndende. Chimene ndimachilemekeza mwa Yosefe n'chakuti khalidwe lake silinatsatire nyengo: anakana mkazi wa mbuye wake ali kapolo, wopanda mbale aliyense womuona.

Ife akuluakulu sitinena izi chifukwa chongowerenga. Makolo athu ankasimba za njala ya 1949, ndipo ya 2002 tinaiona ndi maso athu, pamene anthu ankagona pamzere kuyembekezera madeya ndipo ena ankakumba mizu ya nthochi n'kuisinja kuti apeze ufa. Ndikukumbukira amayi okalamba akugawa kansima ka madeya m'timbale ta ana, manja akunjenjemera, koma osalola mwana aliyense kutema mbamu asanathokoze Mulungu. Pemphero lawo linali lomwe lija ankapemphera chaka cha zokolola zambiri, osachotsera kapena kuwonjezera. M'mwezi wa March 2023, namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu ambiri opemphera anataya ana awo, ndipo sindidzanamiza aliyense kuti chikhulupiriro chimatchinga matope. Koma amene ananyamula makasu kukafukula anzawo ndi kugawana nawo zofunda anaonetsa kuti chifundo cha Mulungu chinali chisanachoke pakati pathu.

Tsono mdzukulu wanga, pamene ukudikira ntchito, usathamangire kwa anthu ogulitsa madzi ndi mafuta m'mabotolo ponena kuti atsegula mwayi wako, pakuti Mulungu amene sasintha sagulidwanso ndi ndalama. Usapereke chiphuphu kuti dzina lako lilowe pamndandanda, ndipo usachite manyazi kugwira khasu kapena ganyu chifukwa cha digiri. Bambo ako ukawafunsa modekha adzakuuza kuti nawonso anali ndi zaka zawo zodikira, zimene sazisimba kawirikawiri pamaso pa ana.

Kwa iwe mayi, nyengo yako ndi yoterera kuposa ya mnzakoyu. Pa Deuteronomo 8, Mose anachenjeza Aisraele kuti akadzadya n'kukhuta, n'kumanga nyumba zabwino, mitima yawo isadzadzikuze n'kuiwala Yehova. Pemphero silinali ngongole yoti ukabweza ithe, koma ubale ndi Iye amene unkamulirira nyumba ikadali yofolera ndi udzu. Pitiriza kulawirira, ndipo uzimutchula mwamuna wako m'pemphero, chifukwa kuchilendo kuli mayesero ake. Apongozi ako uziwapatsa moni mogwada monga kale, ngakhale malata ndiwe wawagulira. Maliro akagwa m'mudzi usangotumiza chipepeso pafoni. Vala chitenje chako, upite kukagona pasiwa, ndipo m'mawa ukatunge madzi ndi kuphika pamodzi ndi amayi anzako.