Mbalame yodzijompha pachifuwa ndi diso la m'makona atatu: kuwerenga mazenera a m'tchalitchi

Bambo wina amene amaphunzitsa ana katekisimu pa tchalitchi china cha pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo watilembera pa imelo. Akuti tchalitchi chawo chili ndi mazenera akale a magalasi amitundu. Pa lina pali mbalame yodzijompha pachifuwa, pa lina pali diso mkati mwa makona atatu, penanso mtanda wozondoka, ndipo achinyamata ayamba kunong'onezana kuti zimenezi ndi za Illuminati. Komanso zenera limodzi latupa, magalasi ena anagwa nthawi ya namondwe Freddy mu 2023. Akufuna kudziwa tanthauzo la zithunzizi ndi chochita ndi zenera lowonongekalo.

Bambo, zenera la m'tchalitchi salimasulira ngati maloto, kuti aliyense anene zimene zamubwerera m'mutu. Zizindikiro zake ndi zokhazikika, zinagwirizanidwa kalekale, ndipo zambiri zili ndi vesi kumbuyo kwake. Cha m'ma 600, Papa Gregory Wamkulu analembera Serenus, episkopi wa ku Marseille amene ankaphwanya zithunzi za m'tchalitchi, kumuuza kuti zithunzi sazipembedza koma zimaphunzitsa anthu osadziwa kuwerenga. Ntchito ya mazenera anu ndi yomweyo.

Tiyambe ndi zimene zawopsa achinyamatawo. Makona atatu ofanana amaimira Utatu Woyera, ndipo diso ndi la Mulungu amene amaona zonse, monga pa Miyambo 15:3 ndi Salimo 33:18. Gulu la Illuminati linayamba mu 1776 ku Bavaria ndipo boma la kumeneko linaliletsa zisanathe zaka khumi. Pamene linkayamba, diso limeneli linali kale m'matchalitchi a ku Ulaya. Magulu ena analitenga pambuyo pake n'kuligwiritsa ntchito pa zawo, koma wobwereka khasu sasanduka mwini munda. Mtanda wozondoka ndi wa Petulo Woyera. Mwambo wakale wa Mpingo umati pamene ankamupha ku Roma anapempha kuti amupachike chozondoka, poti sanadzione woyenera kufa monga Ambuye wake. Yang'anani bwino pafupi ndi mtandawo, kawirikawiri mupeza makiyi awiri opingasa, a pa Mateyu 16:19. Mukawapeza nkhani yatha.

Mbalame ija ndi vuwo, yemweyo amene asodzi a ku nyanja ya Chilwa amamudziwa. Anthu akale ankakhulupirira kuti chakudya chikasowa, vuwo amadzing'amba pachifuwa n'kudyetsa ana ake magazi ake. Vuwo weniweni satero, ndipo ana anzeru a m'kalasi mwanu akafunsa muwauze zoona. Chimene wojambula ankafuna kunena ndi Khristu amene amadyetsa anthu ake ndi thupi ndi magazi ake. Onani pansi pa mbalameyo: pamakhala chisa, tiana titatu kapena kuposerapo titayasamula kukamwa, ndi timadontho tofiira. N'chifukwa chake zenera la vuwo limapezeka kwambiri pafupi ndi guwa, pamodzi ndi ngala za tirigu, mphesa ndi chikho.

Munthu aliyense wa pa zenera muzimuzindikira ndi chimene wagwira. Nkhope sizithandiza, chifukwa amuna ambiri amangofanana ndevu. Wa lupanga ndi buku ndi Paulo. Wa duwa loyera pa ndodo, kapena wa zida za ukalipentala, ndi Yosefe. Wogwira tsamba la kanjedza ndi martiri, munthu wofera chikhulupiriro, kuchokera pa Chivumbulutso 7:9. Mukaona anyamata akuda ambiri atagwira kanjedza, moto uli kumapazi kwawo, amenewo ndi amartiri a ku Uganda, Charles Lwanga ndi anzake amene anawotchedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886. Papa Paul VI anaika amartiri a ku Uganda okwana 22 m'gulu la oyera mu 1964, ndipo wamng'ono kwambiri pa chithunzi amakhala Kizito. Mayi wa nyenyezi 12 kumutu, mwezi uli pansi pa mapazi, ndi Amayi Maria monga Mpingo umawerengera Chivumbulutso 12:1. Onaninso kuwala kozungulira mutu. Ngati mkati mwake muli mtanda, ameneyo ndi Yesu kapena mmodzi wa Utatu Woyera, woyera wamba saikidwa chotero. Ndi njira imeneyi mudzadziwa kuti mwanawankhosa wonyamula mbendera si nkhosa chabe, ndi Khristu wouka kwa akufa, uja Yohane Mbatizi anamuloza pa Yohane 1:29.

Zamoyo zinayi za mapiko zimasokoneza ambiri. Zimachokera pa Ezekiele 1:10 ndi Chivumbulutso 4:7, ndipo zimaimira alembi a Mthenga Wabwino. Munthu ndi Mateyu, poti amayamba ndi mndandanda wa makolo a Yesu. Mkango ndi Marko, amene amayamba ndi mawu ofuula m'chipululu. Ng'ombe ndi Luka, amene amayamba ndi Zakariya akutumikira m'Nyumba ya Mulungu, malo a nsembe. Chiwombankhanga ndi Yohane. Nkhunda muisamale: yotsika mutu uli pansi, kuwala kukuizungulira, ndi Mzimu Woyera, koma yonyamula tsamba kukamwa ndi ya Nowa. Nangula ndi chiyembekezo, Aheberi 6:19. Zilembo IHS ndi chiyambi cha dzina la Yesu m'Chigiriki, P wopingasana ndi X ndi chiyambi cha dzina la Khristu.

Za mitundu musalimbe nazo kwambiri. Buluu amapita kwa Amayi Maria ndi zakumwamba, zofiira ndi magazi kapena moto wa Mzimu Woyera, zoyera ndi zagolide ndi ulemerero. Koma wojambula nthawi zina amaika galasi lobiriwira chifukwa choti lofiira lachuluka pambali pake, basi. Amene amafuna tanthauzo pa kagalasi kalikonse amatha n'kupeka. Ngati zenera lili ndi nkhani m'magawo angapo, yambani kuwerenga pansi kumanzere n'kumakwera, ndimo mmene ambiri akale anakonzedwera.

Pali chinthu china chimene mabuku a ku Ulaya angakusocheretseni nacho. Kumeneko dzuwa limadutsa chakum'mwera, choncho amisiri ambiri ankaika nkhani za Chipangano Chakale kumpoto kwa mdima, za Chatsopano kum'mwera kowala. Kuno ku Thyolo ndi Mulanje, miyezi yambiri ya chaka, makamaka Meyi mpaka Julayi, dzuwa limadutsa chakumpoto. Zenera la kum'mwera la magalasi a buluu wakuda limangooneka bii tsiku la chiperoni. Mukamapita ndi ana kukawerenga mazenera, sankhani m'mawa kwa a kum'mawa, madzulo kwa a kumadzulo, ndipo muzimitse magetsi a mkati.

Tsopano zenera lotupalo. Choyamba dziwani chimene muli nacho. Zenera lenileni ndi tizidutswa ta galasi, tokhuthala pafupifupi mamilimita 3, tolumikizidwa ndi timizere ta mtovu tokhala ndi ngalande mbali zonse ziwiri. Mtundu uli mkati mwa galasi momwemo, unalowa galasi likusungunuka: cobalt amapereka buluu, mkuwa kapena golide amapereka kufiira, manganese amapereka pepo. Maso, tsitsi ndi makwinya a zovala amajambulidwa ndi utoto wakuda wa chitsulo wosakaniza ndi galasi lopera, n'kuwotchedwa mu uvuni kutentha kopitirira madigiri 600. Koma matchalitchi ena ali ndi galasi wamba lopakidwa penti pamwamba. Limeneli limasuwa ndi kukanganuka ndi dzuwa, ndipo kukonza kwake ndi kujambulanso. Mukaona mtundu ukusendeka ngati khungu, galasi loyera likuonekera pansi, mwadziwa.

Ngati ndi la mtovu, kutupa kumabwera chonchi. Mtovu ndi wofewa, umafutukuka masana n'kubwerera usiku, ndipo pakapita zaka umatopa n'kung'ambika polumikizira. Putty, phala lomatira galasi m'ngalandemo, amauma n'kugwa, madzi amalowa. Kumbuyo kwa zenera kumakhala zitsulo zopingasa zomangiriridwa ndi waya wa mkuwa, ndipo m'dera la mvula yambiri ngati lanu zitsulozi zimachita dzimbiri, waya amaduka, zenera limayamba kulemedwa ndi thupi lake lomwe. Ikani thabwa lowongoka pa zeneralo osakankha. Ngati kutupa kwafika masentimita 3 kapena kuposa, kapena m'mphepete mwa galasi mukuonekera kuwala, liyenera kuchotsedwa lonse n'kukonzedwera pa tebulo litagona. Musayese kulikankha kuti liwongoke lili pakhoma, magalasi adzathetheka.

Asanabwere mmisiri, chitani izi. Jambulani zenera lililonse ndi foni, mkati ndi kunja, lonse kenako gawo ndi gawo, ndipo mulipatse nambala. Tolani tizidutswa tonse togwa, ngakhale kakang'ono ngati chikhadabo, mukulunge kalikonse m'pepala ndi kulemba pamene kanachokera. Kachidutswa ka nkhope sikagulidwa m'sitolo. Tsekani bowo ndi pulasitiki kapena thabwa lopyapyala lomangidwa pa felemu, osati pa galasi. Tepi musamate mkati, chifukwa utoto wa nkhope ndi zovala umakhala mbali ya mkati ndipo tepi imachoka nawo. Simenti ndiye ayi ndithu: imauma gwa, galasi likafuna kufutukuka limasweka, ndipo mmisiri wodzabwera pambuyo sangaichotse osawononga zambiri.

Amayi osesa m'tchalitchi muwapemphe mwaulemu kuti mazenera amenewa asawakweche ndi sopo wa ufa, viniga, phulusa kapena waya wotsukira mapoto. Burashi yofewa youma ndi yokwanira kuchotsa fumbi ndi akangaude. Pamene palibe utoto, thonje lonyowetsedwa pang'ono ndi madzi oyera limakwana. Fumbi loyera la pa mtovu wakale ndi poizoni, choncho wogwira asambe m'manja asanadye, ndipo ana asaseweretse tizidutswa ta mtovu.

Kuteteza kunja, sefa ya waya yosachita dzimbiri imatchinga miyala ndi mpira. Mukasankha galasi lachiwiri loyera, musiye mpata wa masentimita 3 kapena kuposa, ndi timipata pansi ndi pamwamba kuti mpweya uziyenda. Mukamata ponseponse, nthunzi imatsekeredwa pakati, nkhungu imamera ndipo mtovu umawonongeka msanga kuposa likanakhala losatchinga.

Nkhaniyi muifikitse kwa bambo mfumu musanagwire chilichonse, poti katundu wa tchalitchi ali m'manja mwawo, ndipo iwo angafunse ku likulu la dayosizi za mmisiri wodziwa mtovu. Wowotcherera mafelemu a zitsulo pa msika, ngakhale waluso, moto wake ungasungunule mtovu nthawi yomweyo. Mmisiri amene mwamupeza mumufunse zithunzi za ntchito imene anagwirapo, ndipo mugwirizane polemba kuti galasi lakale lililonse limene walichotsa alibweza ku parishi.