Kodi ng'oma nayonso imafuna digiri?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa kufupi ndi Goliati, m'boma la Thyolo, amene ndi kapitawo pa esiteti ina ya tiyi. Ndaifupikitsa:

"Mwana wanga wachisamba wakhoza Fomu 4 ndipo makirediti ndi okwanira. Ine ndimati akaphunzire uinjiniya, koma iye wakakamira kuti pafomu ya ku yunivesite alembapo za nyimbo, ku MUST konkuno ku Ndata. Amaimba kiyibodi kutchalitchi, anthu amamuyamikira. Koma ng'oma nayonso imafuna digiri? Malume ake amaimba ng'oma za tchopa, chonsecho sukulu sanaipondeko. Ndisanakhale kapitawo ndinathyola tiyi mvula ili pamsana kuti mwanayu asadzavutike ngati ine. Ndimuletse?"

Bambo, musafulumire kumuletsa, komanso musafulumire kumuvomera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndikukayika ngati inu ndi mwana wanuyo nonse mukudziwa chimene chimaphunzitsidwa kuseri kwa mpanda uja.

MUST (Malawi University of Science and Technology) inatsegulidwa mu 2014, ndipo ngakhale dzina lake likunena za sayansi, ili ndi gawo la chikhalidwe lotchedwa Bingu School of Culture and Heritage. M'menemo ndi mmene muli digiri ya African Musicology, ya zaka zinayi. Ku Zomba nako, ku University of Malawi, nyimbo zakhala zikuphunzitsidwa kuyambira nthawi ya Chancellor College, pamodzi ndi zisudzo ndi zojambulajambula. Mawu akuti musicology satanthauza kuphunzira kukhala katswiri wa pa siteji. Kuimba kulimo ndithu, koma chachikulu n'kufufuza nyimbo: inamangidwa bwanji, inachokera kuti, amaiimba ndani ndipo pa chifukwa chanji, ingalembedwe bwanji papepala kuti wina amene sanaimvepo athe kuiimba. Kuwerenga kulipo kwambiri, kulemba kulipo kwambiri, ndipo zonsezo m'Chingerezi.

Mwatchula a malume ake, ndipo funso lanu lagona pomwepo. Iwowo digiri sakuifuna, n'zoona. Tchopa ali m'manja mwawo. Koma mu 2014 bungwe la UNESCO linaika tchopa wa Alhomwe pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi, kutsatira vimbuza ndi gule wamkulu, ndipo mu 2020 linaikaponso sansi, imene tinalembetsa limodzi ndi mbira ya ku Zimbabwe. Zoterezi sizichitika chifukwa ng'oma yamveka kutali. Pamafunika anthu opita kumudzi, kukakhala pamphasa ndi akuluakulu, kujambula, kufunsa chifukwa chake ng'omazo zimakhala zitatu zosiyana kukula, chifukwa chake ovina amabereka zikopa, makasu ndi ziwiya zakale kumsana, kenako n'kulemba zonsezo mwadongosolo. Ntchito imeneyo ndiyo ya munthu wa musicology. Kwa zaka zambiri ankatigwirira ndi alendo. Hugh Tracey anazungulira dziko lino m'zaka za m'ma 1950 akujambula bangwe, malimba ndi nyimbo za pamtondo, ndipo mawu a agogo athuwo akusungidwa ku South Africa, pa Rhodes University. Gerhard Kubik wa ku Austria anagwira ntchito zaka zambiri ndi banja la a Kachamba ku Chileka, ndipo m'gulu lomwelo munatuluka Mmalawi mnzathu Moya Malamusi, amene anafika mpaka pa udokotala wa maphunziro ku Vienna. Ine zimandiwawa pang'ono kuti mwana wa ku Thyolo akafuna kumva mmene makolo ake ankaimbira ayenera kupempha kwa eni ake kunja.

Tsono mwana wanuyo, mtima wake uli pa ntchito yoteroyo kapena uli pa kuwomberedwa m'manja? Zonse ziwiri n'zabwino, koma njira zake n'zosiyana. Oimba otchuka ambiri m'dziko muno alibe digiri ya nyimbo. Amene akungofuna kunola luso la zala ndi mawu akhoza kuyang'ananso ku Music Crossroads Academy ku Lilongwe, kumene maphunziro ake amatsamira pa kuimba kwenikweniko.

Mungamuyese popanda kuwononga ndalama. Lamulungu likubwerali, mapemphero akatha, mukaime pambali pa kiyibodiyo. Anyamata ambiri a m'matchalitchi mwathu amaimba nyimbo zonse pa kiyi imodzi, mayi woyambitsa nyimbo akakweza mawu iwo amangodina kabatani ka transpose, makina n'kuwasinthira okha. Mumuuze aimbe nyimbo imodzi pa makiyi atatu osiyana osakhudza kabataniko. Akalephera si mlandu, ambiri anayambira pomwepo. Inu muone nkhope yake. Wina amakwiya n'kuyamba kudzikanira. Wina amakhala phee, mawa lake mumupeza akulimbana nazo yekha. Mumufunsenso ngati amawerenga manotsi. Makwaya athu amagwiritsa ntchito solofa, d r m f s zija, ndipo n'chiyambi chabwino, koma ku yunivesite akakumana ndi manotsi a pamizere isanu, ndipo sekondale zathu zambiri siziphunzitsa zimenezi. Miyezi imene akudikira zotsatira za kusankhidwa ku yunivesite ikukwana kuti aphunzire chiyambi chake pafoni kapena kwa mphunzitsi wa kwaya.

Chiyeso chenicheni chili kwa a malume ake. Gulu lawo likayamba kukonzekera mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, umene umachitika mu Okutobala, mnyamatayo apite nawo atatenga kope ndi foni. Asavine. Akhale pansi, amvetsere, alembe ng'oma imene imayamba, imene imayankha, mawu a nyimbo ndi tanthauzo lake. Akabwerako ndi masamba awiri ndi mafunso khumi, akudandaula kuti a malume sanamufotokozere bwino, mwana ameneyo ndi wa digiri imeneyi. Akabwerako ndi zithunzi zoika pa Facebook basi, mukhale naye pansi mukambirane zina. Ndipo poti kwanuko mwana ndi wa kuchikazi, a malumewo adzafunsidwabe pa nkhaniyi, ndiye ndi bwino aione ndi maso awo.

Za ntchito sindikunamizani. Simudzaona kawirikawiri m'nyuzipepala akuti tikufuna munthu wa musicology, monga amafunira namwino kapena wowerengera ndalama. Malo alipo koma ndi omwazikana: uphunzitsi m'sukulu zolipira ndi m'makoleji ophunzitsa aphunzitsi kumene kuli phunziro la Expressive Arts, mabandi a apolisi ndi asilikali, mawayilesi, masitudiyo, nthambi za boma zoona za chikhalidwe ndi zakale, mipingo ikuluikulu, mabungwe amene amafalitsa uthenga wa zaumoyo kudzera m'nyimbo. Kulinso COSOMA, imene yakhala ikutolera ndalama za oimba kuyambira 1992, ndipo munthu womvetsa malamulo a umwini wa nyimbo amafunika, chifukwa oimba athu ambiri amasainira mapepala osawawerenga. Amene amadya bwino m'gawo limeneli amaphatikiza: m'mawa kuphunzitsa, madzulo situdiyo, Loweruka ukwati. Si ntchito yodikira malipiro a pa mwezi okha ayi. Ngati akufuna kudzaphunzitsa m'sekondale za boma, akonzekere kudzawonjezera pepala la uphunzitsi.

Pa uinjiniya paja, tayang'anani satifiketi yake. Masamu ndi Physics zili pati? Ngati anangodutsa movutikira, kumukankhira kumeneko n'kumutumiza kukawidedwa, monga amanenera ophunzira, ndiye kuti kuchotsedwa atalephera mayeso. Akatero mwataya fizi, iye wataya zaka. Koma ngati masamuwo ndi amphamvu, mumuuze kuti injiniya akhoza kuimba kiyibodi moyo wake wonse, pamene woimba sangadzuke tsiku lina n'kukamanga mlatho. Aganizire zimenezo yekha.

Zotsalazo n'zachidule. Kulowa m'mayunivesite a boma kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, ndipo poyambira ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Zofunika pa kosi iliyonse muwerenge pa chilengezo cha chaka chimenecho, osadalira zimene anamva mnzake. Ngongole ya fizi imapemphedwa ku Loans Board, ndipo ndi ngongole ndithu, idzafuna kubwezedwa.

Iwe mnyamata, ndikudziwa kuti uwerenga nawo. Bambo ako sakudana ndi nyimbo, akuopa njala. Usawayankhe kuti ndi maloto ako. Uwasonyeze papepala kumene udzapeze ndalama chaka choyamba ukamaliza.

Inu bambo, Ndata ndi pakhomo panu, kabaza akufikitsani. Mupite ndi mwanayo tsiku la pakati pa sabata, mupemphe kuonana ndi mphunzitsi wa gawo la nyimbo, kenako mufunefune wophunzira wa chaka chachinayi mumufunse kumene ali anzake amene anamaliza chaka chatha. A malume musawasiye, atha kukhala ndi funso limene inu ndi ine sitingaliganize.