Alamu, nati ya pamwambayo musaikhudze kaye

Eee, alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Amayi, ndakuonani muli pagulupu pano, ndikuimbirani madzulo tipatsane moni bwinobwino. Pano ndiyambe ndayankha alamu angawa asanaiphwasule galimoto ya mlongo wanga.

Funso lanu ndalimva. Mwati mwapeza masipuling'i otsitsa galimoto, mukufuna Honda Fit ija ikhale pansi pang'ono izioneka bwino, ndiye mukufunsa ngati muike nokha pakhomo Loweruka kapena mupite nayo kugalaja mukalipire. Mwatinso mwaonera pa YouTube, zikuoneka zosavuta. Chabwino. Kunena mwachidule, akumbuyo mutha kuika nokha. Akutsogolo ayi, osati ndi zida zimene ndikudziwa kuti muli nazo m'buti muja. Tsono mverani chifukwa chake, voice iyi italikirapo.

Tiyambe ndi masipuling'iwo. Ndi a Fit iti? Anthu kuno ku Harare amangoti Fit, Fit, ngati ndi galimoto imodzi. Pali GD, ija yoyamba ya 2001. Pali GE imene inayamba 2007, kenako GK ya 2013. Palinso za hybrid, GP1 ndi GP5, zimene zimanyamula batire kumbuyo. Sipuling'i amaipangira kulemera kwa galimoto yakeyake, ndiye ya GK simungoiponya pa GE chifukwa choti yalowa. Bokosi la kampani yodziwika, kaya ndi Tein ya ku Japan, kaya Eibach kapena H&R za ku Germany, limalemba mtundu wa galimoto ndi mamilimita amene itsike, nthawi zambiri pakati pa 25 ndi 40. Pasipuling'i penipenipo pamakhalanso nambala. Koma ngati wogulitsayo wangokutulutsirani zitsulo zopaka penti yofiira, zopanda bokosi, zopanda nambala, zitembenuzeni muone kunsonga. Mukaona podulidwa ndi galayinda, dziwani kuti ndi masipuling'i wamba amene angowafupikitsa. Ena amachita kuwaotcha ndi moto wa gasi kuti afwafwanyike. Chitsulo chootchedwa chimataya mphamvu yake, tsiku lina chimangothyoka. Chodulidwa sichikhazikika pampando wake, tayala likagwera m'dzenje chimatha kusuntha. Amenewo ngakhale akupatseni ulele, asiyeni pomwepo.

Tinene kuti ndi enieni. Kumbuyo kwa Fit n'kosavuta ndithu, chifukwa sipuling'i ili payokha, shoko ili payokha. Mumakweza galimoto, kuika pamasitandi, kumasula mabauti apansi a mashoko, chitsulo chija cholumikiza matayala awiri chimatsika, sipuling'i mumangoitulutsa ndi manja. Chongoyang'anira ndi paipi ya bureki ndi kawaya ka ABS, zisakokeke potsitsapo, komanso kuti nsonga ya sipuling'i yatsopano ikhale m'kamphako kake pa labala paja. Koma ndati masitandi, alamu. Sindinati jeke ija inabwera ndi galimoto, ija ndi yosinthira tayala pamsewu. Sindinatinso njerwa. Njerwa sichenjeza, imangophwanyika muli pansi. Ndipo pakhale pa simenti polingana, osati padothi paja mumaimika galimoto, potsetserekera kugeti.

Kutsogolo ndiye kuli nkhani. Kumeneko sipuling'i inavekedwa pashoko, zonse ndi chinthu chimodzi, ndipo chimene chaigwira ndi nati imodzi ya pamwamba. Sipuling'i imeneyo ntchito yake ndi kunyamula injini ndi giyabokosi. Ngakhale mutachotsa shoko yonse pagalimoto n'kuigoneka pansi, iyo imakhala idakali yofinyika, ikukankha. Mukamasula nati ija musanaimange ndi spring compressor, chida chofinyira sipuling'i, zonse za pamwambazo zimauluka. Ine ndinaonapo ndi maso angawa, pagalaja ina yake kalekale. Mnyamata anamanga sipuling'i ndi waya, akuti waigwira, n'kupondapo phazi, n'kuyamba kumasula. Pomaliza penipeni pa natiyo tinangomva kuti phaa! Chitsulo cha pamwamba chinakamenya lata la denga n'kusiya chibowo choti mungalowetse chibakera, nati sitinaipezenso. Mnyamatayo anangoti kakasi, sipanala ili m'manja, milomo ikunjenjemera. Mutu wake unali cha pambali pang'ono, basi, n'chimene chinamupulumutsa.

Mwina muti, ndigula compressor yangayanga. Ilipo inde, ija ya zitsulo ziwiri zokhala ndi ngowe. Imagwira ntchito, koma imafuna munthu wodekha. Ngowe ziwirizo zikhale moyang'anizana, mumange pang'ono uku, pang'ono uko, mosinthanasinthana, mazinga ake mutapaka girizi, ndi sipanala ya manja osati mfuti ya mphepo ija. Mukamanga mbali imodzi kwambiri, sipuling'i imapindika, ngowe zimaterereka n'kukakumana mbali imodzi, ndiye muli ndi chinthu m'manja choti simungachimasule, simungachisiye. Zotchipa zina chitsulo chake n'chofewa, mumachita kuona chikukhota. Magalaja abwino ali ndi yoimirira, yomangirira pakhoma kapena pansi, imene imagwira sipuling'i mbali zonse. Ija ndiye mumagwira ntchito mtima uli m'malo.

Ndipo mavidiyo aja saonetsa zonse. Amajambula galimoto yoyera, mabauti ongomasuka okha. Zathu zino za ex-Japan, zina zinayendapo m'madera a chipale chofewa kumene amathira mchere pamsewu, pansi pake ndi dzimbiri lokhalokha. Bauti imodzi ikakana, tsiku lanu lathera pomwepo. Kanati ka stabiliser link kamangozungulira limodzi ndi bauti yake mpaka mutakagwira ndi allen key. Mutu wa shoko pa Fit unabisala pansi pa pulasitiki ya mawaipa, timapini take timathyoka msanga. Ndiye pali ichi chimene chimagwetsa anthu ambiri: mukachotsa mabauti awiri apansi pa shoko yakutsogolo, habu yonse imagwera kunja, ndipo mukapanda kuichirikiza imakoka shafuti mpaka CV joint yamkati, polumikizira shafutiyo cha kugiyabokosi, kuguluka. Munayamba ndi kufuna galimoto yokongola, mwatsala ndi galimoto yosayenda, Lolemba mlongo wanga ali pamzere wa kombi akukutchulani dzina.

Pomanga napo pamafuna torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa bauti, osati kungodumphira pasipanala mpaka mwamva kuti yalimba. Ndipo bauti iliyonse yodutsa mu bushi ya labala, monga apansi a mashoko akumbuyo aja, mumamaliza kumanga galimoto itatsika, kulemera kwake kuli pamatayala. Mukamangiratu ili m'malere, labala amakhala wopotoka nthawi zonse, pakapita miyezi yochepa wang'ambika, kwayamba kugogoda.

Njira ya pakati ilipo. Mutha kuchotsa mashoko akutsogolo athunthu, osakhudza nati yogwira sipuling'i ija, n'kuwanyamula limodzi ndi masipuling'i atsopano kupita nawo kugalaja. Iwo akusinthirani pamakina awo kanthawi kochepa, mtengo wake sungafanane ndi wa ntchito yonse, inu n'kudzabwezeretsa nokha. Mwaphunzira galimoto yanu, mwasunga ndalama, mano anu ali onse.

Tsono pa ndalama pomwepo, ndikuona ngati mwawerengera masipuling'i okha. Si choncho ayi. Gwadani pambali pa tayala, mupotoze chiwongolero, mulowetse dzanja mugwire thupi la shoko. Chala chikatuluka ndi mafuta osakanikirana ndi fumbi, shoko imeneyo inatha kale. Dinikizaninso pakona ya galimoto mwamphamvu n'kusiya: ikwere kamodzi n'kuima. Ikamapitiriza kunjanja, yatha. Sipuling'i yaifupi ndi yolimbirapo, ndipo imachititsa kuti shoko izigwira ntchito itatsika kale, malo oyendamo atachepa. Shoko yotopa singapirire zimenezo, galimoto imangodumphadumpha, ikagunda dzenje mumamva guu mpaka m'msana. Ndiye ngati mashoko ndi omwe anachokera ku Japan, werengerani atsopano, pamodzi ndi ma mounting a pamwamba ngati ang'aluka. Kuli bwino kumasula kamodzi kusiyana ndi kulipira ntchito yomweyo kawiri.

Kenako alayimenti, kuwongola matayala kuti aloze poyenera. Iyi ndiye palibe zoti pakhomo, kaya mwaika nokha kaya ayi. Galimoto ikatsika, matayala akutsogolo amapendekera mkati cha kumwamba, ndipo kumene aloza kumasinthanso. Poyendetsa mwina simungamve kanthu, kunja tayala likuoneka labwinobwino, koma mukadzapisa dzanja mkati mudzapeza ladyeka mpaka mawaya. Muyende nayo kaye sabata imodzi kapena ziwiri masipuling'i akhazikike, kenako mupite pamakina enieni, ku Graniteside kapena ku Msasa malo otere alipo ambiri. Muwauze kuti galimoto yatsitsidwa, ndipo akupatseni pepala la manambala. Aonenso magetsi akutsogolo ngati akuunika poyenera. Ainshulansi nawo muwadziwitse kuti mwasintha, kuopa kudzakangana tsiku la ngozi.

Mukasankha zopita kugalaja, musangopita kwa amene wakuthamangirani poyamba. Mukudziwa mmene zimakhalira ku Kaguvi Street, musanazimitse n'komwe injini anthu azungulira kale galimoto. Ku Gazaland ku Highfield ndi ku Siyaso ku Mbare kuli amisiri enieni, ena ndimawavulira chipewa, koma kulinso ongoyesa. Mufunse funso limodzi: masipuling'i akutsogolo mufinya ndi chiyani? Akuonetseni. Akayamba kuseka, akuti mudhara musadandaule timadziwa, likizani galimoto muzipita. Mugwirizane mtengo asanakweze jeke, mukhale pomwepo ntchito ikuchitika, ndipo masipuling'i akale akubwezereni, mukawasunge.

Ndati mukawasunge chifukwa ndikukayika ngati mudzathe nawo chaka atsopanowo. Apa ndiye ndikulankhula ngati mlamu wanu, osati makaniko. Fit ndi yotsika kale. Mamilimita 30 ndi zala ziwiri zokha, koma zala ziwirizo n'zimene zimakupulumutsani pamahampu a pafupi ndi sukulu aja. Pansi apo pali sampu ya oyilo, pali ekizozi, pali mlomo wa bampala. Mvula ikayamba mu Novembala mpaka Malichi, maenje a m'malokeshoni muno amadzaza madzi, sudziwa kuti ili n'lakuya bwanji mpaka utalowamo. Amene mumawaona pa intaneti aja amayenda pamisewu yosalala. Inu mudzayamba kukwera hampu iliyonse chammbali, a mushikashika, matakisi osavomerezeka aja, akukuimbirani hutala kumbuyo.

Nanga ulendo wa Disembala uja mwauiwala? Munalonjeza amayi pagulupu pompano kuti muwatenga kumudzi. Kuchoka kuno kukafika pa Nyamapanda, kudutsa Tete, kukatulukira pa Zobue ndi Mwanza, anthu asanu m'galimoto, m'buti muli masutikesi, shuga, mafuta ophikira, mabulangete. Pobwera ndiye simungakane thumba la mpunga ndi la ufa. Galimoto yosatsitsa imene imakhala itagwada kale ndi katundu wotere. Ndiye mukasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wa kumudzi uja, wokhala ndi mzere wa udzu pakati, mudzawatsitsa amayi kuti ayende pansi? Amayi, mukumva eti, ine ndanena.

Sindikukuletsani ayi, galimoto ndi yanu, ndipo Fit yotsika bwino pa marimu abwino imaoneka bwino, pokhota imagwiranso msewu, zimenezo sindingatsutse. Koma ndikanakhala ine, ndikanadikira tibwere kaye kumudzi, mvula ithe, ndiye ndisankhe otsika pang'ono, 25 kapena 30, osapitirira apo.

Musanapereke ndalama kwa wogulitsayo, nditumizireni zithunzi zitatu pano: bokosi mbali imene pali malembo, nsonga ya sipuling'i imodzi pafupi, ndi chassis number ya m'buku la galimoto. Zikagwirizana ndipo mtima wanu ukadali pomwepo, Loweruka ndikaweruka masana ndibwera ndi masitandi ndi torque wrench, akumbuyo tiika limodzi, akutsogolo tichotsa ndipita nawo kuntchito Lolemba. Mugule mafuta opopera mabauti aja, mupopere Lachisanu usiku kuti agone akulowa.